Kalata kwa amene mumayamba kudziwa dzina la woganiziridwa mwana akaphedwa

Kwa akuluakulu a apolisi ofufuza milandu, oimira boma pa milandu, ndi akonzi a nkhani,

Akuluakulu, ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Tsiku lina madzulo, pa gulu lina la pa WhatsApp panabwera chithunzi cha bambo wina atavala malaya ofiira, akuyang'ana kumbali ngati sakudziwa kuti akujambulidwa. Pansi pake panali mawu atatu okha: "Ndi ameneyu, samalani." Masiku amenewo kunali nkhani ya kamtsikana kamene kanasowa n'kupezeka katafa, ndipo ife makolo tulo tinali titatiiwala. Sindinafunse kuti chithunzicho chachokera kuti. Ndinachidina ndi chala, n'kuchitumiza kwa achibale, kwa anzanga a kuntchito, ndi ku gulu la makolo a kusukulu kwa ana anga. Zonsezi sizinakwane mphindi imodzi. Patapita milungu ingapo ndinamva kuti bamboyo anangofunsidwa mafunso n'kumasulidwa, palibe chimene anamupeza nacho. Uthenga umenewo sindinautumize kwa aliyense. Sizinandibwerere n'komwe m'mutu.

Choncho sindikubwera kwa inu ngati munthu wa manja oyera. Koma ine ndinali kumapeto kwa mzere. Chithunzicho chisanafike pa foni yanga, panali wina amene anadziwa kuti bamboyo watengedwa ndi apolisi, ndipo odziwa zimenezo tsiku loyamba sachuluka: wapolisi amene wakamutenga, amene walemba m'buku, bwana wawo, mwinanso mtolankhani amene amamwera limodzi ndi mmodzi wa iwo. Dzina limayambira m'manja mwanu, n'chifukwa chake kalatayi ndalembera inu.

Katundu amene mumasenza mwana akaphedwa ndikumudziwa. Mlandu wa katundu wobedwa ukhoza kugona mu failo chaka chathunthu popanda woufunsa. Wa mwana anthu saulola kugona. Achibale ali pakhomo pa ofesi, atolankhani akuimba foni usiku, andale akufuna kuoneka kuti akuchitapo kanthu, ndipo funso ndi limodzi: mwagwira ndani? Pofika tsiku lachitatu, yankho loti "tikufufuzabe" limamveka ngati ulesi. Ndikudziwanso kuti mukayamba ndi a m'nyumba momwemo simulakwitsa. Ana aang'ono ambiri amene amaphedwa amaphedwa ndi munthu wowalera kapena wowadziwa, ndipo wapolisi amene angaope kufunsa mayi chifukwa choti akulira ndiye kuti ntchito yamukanika. Funsani, pimani, bwererani mukafunsenso. Dandaulo langa lili pa zimene zimachitika pakati pa kuganizira munthu ndi kumupeza wolakwa, makamaka inu eni ake mukasemphana maganizo pa za amene wachita.

Tengani nkhani ya JonBenét Ramsey, kamtsikana ka zaka 6 ka mumzinda wa Boulder ku Colorado, m'dziko la America. M'mawa wa pa 26 Disembala 1996 amayi ake anaimbira apolisi kuti mwana wabedwa, ndipo m'nyumbamo mwapezeka kalata yofuna madola 118,000. Apolisi anafika, koma nyumba yonseyo sanaitchinge. Abwenzi a banjalo analowa kudzapepesa, anayendayenda, anagwira apa ndi apo. Masana, wapolisi amene anatsala yekha m'nyumbamo anauza bambo a mwanayo kuti ayendere nyumba yonse aone ngati pali chachilendo. Bamboyo anatsikira m'chipinda cha pansi, anapeza mwana wake atagona pansi, anamatula tepi imene inali pakamwa pake, n'kumunyamula kukwera naye pamwamba. Ndi kholo liti limene silikanatero? Koma pofika ola limenelo, malo amene akanayankha mafunso ambiri anali atapondedwapondedwa.

Umboni utachepa chonchi, maganizo ndiwo anachuluka. Apolisi a mumzindawo anatsamira pa makolo. Ofesi ya woimira boma inaitana Lou Smit, katswiri wa milandu ya kupha amene anali atapuma kale pantchito, ndipo iye anaona zosiyana: kuti munthu wakunja ndiye analowa m'nyumbamo. Kusemphana kotereku pakokha n'kwabwino, ndipo ndibwereranso pa mfundoyi. Choipa chinali chakuti mkanganowo unachoka pa tebulo la umboni n'kusamukira m'manyuzipepala. Mbali iliyonse inali ndi atolankhani ake oitsinira khutu. Mu Ogasiti 1998 wapolisi Steve Thomas anatula pansi udindo akudzudzula ofesi ya woimira boma. Mwezi wotsatira Smit nayenso anachoka, iye akudandaula kuti anthu osalakwa akusakidwa. Anthu a m'dzikomo anagawanika ngati otsatira matimu a mpira, ena a makolo, ena a wakunja, ndipo pa intaneti akukanganabe mpaka lero ngati kuti pali chikho chimene adzalandire.

Mu 1999 gulu la nzika limene linapatsidwa umboni kuti lione ngati pali mlandu linavota kuti makolowo azengedwe. Woimira boma, Alex Hunter, sanasaine, poona kuti umboniwo sungaime m'khoti, ndipo za votiyo anthu anadzazidziwa mu 2013. Mu Juni 2006 amayi a mwanayo anamwalira ndi khansa, chala cha anthu chikuwalozabe. Patangopita miyezi iwiri, bambo wina dzina lake John Mark Karr anagwidwa ku Bangkok atanena yekha kuti analipo mwanayo akufa. Anamukweza ndege makamera akumutsatira, kenako kupima DNA, chizindikiro cha m'thupi chimene chimasiyanitsa munthu ndi mnzake, kunaonetsa kuti si iye. Mu 2008 woimira boma wina, Mary Lacy, analembera banjalo kalata yowayeretsa ndi kuwapepesa, potengera DNA ya mwamuna wosadziwika imene inapezeka pa zovala za mwanayo, koma akatswiri ena anati kalatayo inafulumira. Mu 2016 pulogalamu ya pa kanema wa CBS inaloza mlongo wake wa mtsikanayo, amene panthawi ya imfayo anali ndi zaka 9 ndipo sanazengedwepo mlandu uliwonse. Iye anasuma kufuna madola 750 miliyoni, ndipo nkhaniyo inathera kunja kwa khoti mu 2019. Mpaka lero palibe munthu amene anaimapo pamaso pa woweruza chifukwa cha imfa ya mwanayo.

Onani bwino, akuluakulu, kuti pa mlandu umodziwu pali zolakwa za mitundu iwiri. Ena anafulumira kuloza, ena anafulumira kuyeretsa, ndipo onse anachitira poyera zinthu zoyenera kuchitikira pa umboni. Amene angamve kalatayi ngati kuti ndikuteteza oganiziridwa basi sanandimvetse. Kalata ya boma yoyeretsa munthu umboni usanakhwime nayonso imatseka njira, chifukwa wapolisi wamng'ono amene akukayikabe sangayerekeze kutsutsa chimene bwana wasaina.

Ku France kusemphana kotereku kunadzetsa maliro achiwiri. Pa 16 Okutobala 1984, Grégory Villemin, mwana wa zaka 4, anapezeka mumtsinje wa Vologne atamangidwa manja ndi miyendo. Banjalo linali litakhala zaka zingapo likulandira mafoni ndi makalata oopseza kuchokera kwa munthu wobisa dzina, amene ankadziwa zinsinsi za pachibale. Gulu loyamba la ofufuza linaganizira Bernard Laroche, mbale wa bambo a mwanayo, popeza amayi awo anali a bere limodzi. Linadalira kwambiri mawu a mlamu wake wa Laroche, mtsikana wa zaka 15, amene patangopita masiku ochepa anabweza mawu akewo. Woweruza amene ankatsogolera kafukufuku, Jean-Michel Lambert, ankalankhula ndi atolankhani momasuka, mpaka dzina la mboni yachichepereyo linatuluka. Laroche anamangidwa mu Novembala, nkhope yake inadzaza m'manyuzipepala, kenako mu Febuluwale 1985 anatulutsidwa. Anabwerera kwawo pakati pa anthu amene anali atauzidwa kale kuti wakupha mwana ndi iyeyo. Pa 29 Malichi 1985 bambo a Grégory anamupeza pakhomo pake atatenga mfuti, n'kumuwombera pamaso pa mkazi wake.

Pofika nthawiyo mlandu unali utalandidwa kwa ofufuza oyamba aja n'kuperekedwa kwa apolisi a ku Nancy, ndipo awa anali ndi woganiziridwa wawowawo: mayi a mwanayo, Christine. Mu Julaye 1985 anamangidwa ali ndi pakati. Mwana wake ali kumanda, mwamuna wake ali m'ndende, ndipo pa masamba oyamba a nyuzipepala akutchedwa mayi wopha mwana wake. Zinatenga mpaka 1993 kuti khoti linene kuti panalibe umboni uliwonse womunena. Laroche yekha anapita osapezeka wolakwa, osayeretsedwanso, chifukwa munthu wakufa sazengedwa mlandu. Magulu awiri a ofufuza, aliyense ndi munthu wake, aliyense kufuna kuonetsa kuti anzakewo ndi amene anasokera, ndipo wopha Grégory mpaka pano sanaweruzidwe.

Ndikamawerenga milandu ngati imeneyi, chimene chimandiwawa kwambiri ndi mmene nkhope ya munthu imasandukira umboni. Lindy Chamberlain wa ku Australia anakuwa usiku wa pa 17 Ogasiti 1980, pa malo ogonapo alendo pafupi ndi thanthwe la Uluru, kuti galu wakutchire wotchedwa dingo watenga khanda lake la milungu 9, Azaria. Woweruza woyamba wofufuza za imfayo anagwirizana naye. Koma anthu anamuyang'ana pa kanema n'kuona kuti sakulira mmene iwo amafunira kuti mayi alire. Anali wa mpingo wa Seventh-day Adventist, umene ambiri kumeneko sankaudziwa bwino, ndiye mphekesera zinayamba: akuti dzina la mwanayo limatanthauza nsembe ya m'chipululu, akuti anamuvekapo diresi lakuda. Akatswiri anauza khoti kuti m'galimoto la banjalo munali magazi a khanda. Mu Okutobala 1982 mayiyo anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse, ali ndi pakati pa mwezi wothera.

Iye ankanena nthawi zonse kuti mwanayo anali atavala kajuzi koluka pamwamba pa zovala zina, ndipo a boma ankati kajuzi kameneko n'kopeka. Kumayambiriro kwa 1986 mlendo wina wa ku Britain anagwa pa thanthwe lija n'kufa. Apolisi akufunafuna zotsala za thupi lake pa malo a mauna a dingo, anapeza kajuzi kakang'ono katakwiririka pang'ono mumchenga. Patangopita masiku ochepa mayiyo anatulutsidwa. Zina mwa zimene akatswiri anazitcha magazi zinapezeka kuti anali mankhwala amene opanga magalimoto amapopera kuti galimoto lisamachite phokoso. Chigamulo chinafafanizidwa mu 1988, koma chikalata cha imfa chonena kuti mwanayo anaphedwa ndi dingo chinatuluka mu 2012, patapita zaka 32. Taganizani: akanapanda kugwa mlendo uja, kajuziko kakanaolera mumchenga momwemo.

Palibe malira ovomerezeka, akuluakulu. Wina amadzigwetsa pansi, wina amauma gwa ngati mtengo, wina amayamba kusesa m'nyumba chifukwa manja ake akusowa chogwira, wina amaseka pamalo posayenera ndi mantha. Wolakwa akhoza kulira mpaka kukomoka. Wapolisi wanu akalemba mu failo kuti "mayiyu sakuoneka wokhudzidwa," mufunseni kuti wakhudzidwa amaoneka bwanji ndipo anaphunzira kuti.

Palinso mtundu wa munthu amene chala chimakonda kumugwera: wosakwatira, wosacheza ndi anthu, wolankhula modabwitsa, amene ana amamuseka m'njira. Stefan Kiszko wa ku Rochdale ku England anali wotero. Anali kalaliki wa ku ofesi ya misonkho, wa thupi lalikulu, wamanyazi, wokhala ndi amayi ake. Mu Okutobala 1975 mtsikana wa zaka 11, Lesley Molseed, anaphedwa. Atsikana ena ananena kuti Kiszko anawavulirapo, ndipo patapita zaka anavomera kuti linali bodza. Apolisi anamufunsa masiku atatu popanda loya, mpaka anasaina kuti ndi iye, akuganiza kuti akasaina amulola kupita kwa amayi ake. Mu 1976 anapezeka wolakwa. M'ndende akaidi anzake anamumenya, pakuti kumeneko wopha mwana alibe mnzake, ndipo mutu wake unasokonekera. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Chimene a khoti sanauzidwe n'chakuti pa zovala za mtsikanayo panapezeka mbewu ya abambo, pamene Kiszko anali ndi vuto la m'thupi loti sakanatha kutulutsa mbewuyo. Kusiyana kumeneku kunali m'mapepala a opima kuyambira pachiyambi, koma omuimira sanakuone. Kiszko anatuluka mu 1992 atakhala zaka 16, anamwalira mu Disembala 1993, ndipo amayi ake, amene anayenda khomo ndi khomo kumenyera mwana wawo, anamutsatira patangopita miyezi yochepa. Wopha Lesley weniweni, Ronald Castree, anapezeka wolakwa mu 2007 chifukwa cha DNA. Zaka 32 akuyenda mwaufulu.

Apa ndi pamene ndikufuna muimepo, inu amene mumati kusamala ndi dzina la woganiziridwa n'kufewera zigawenga. Tsiku limene Kiszko anasaina pepala lija, ofufuza anasiya kufunafuna. Munthu amene anapindula kwambiri ndi changu chawo anali wakuphayo. Ku London zinafika poti John Christie anaima m'khoti ngati mboni ya boma pa mlandu wa mnansi wake Timothy Evans, amene ananyongedwa mu 1950 chifukwa cha imfa ya kamwana kake kakakazi. Mu 1953 matupi a amayi angapo anapezeka m'nyumba ya Christie yemweyo, ndipo Evans anakhululukidwa mu 1966 ali m'manda. Nthawi iliyonse imene mwagwira munthu wolakwika, mwana wophedwayo mwamulakwira kachiwiri, ndipo ana amoyo mwawasiya ndi chilombocho m'njira zomwe amayenda.

Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma mwambi umenewu musalowe nawo mu ofesi yofufuza milandu. Kumeneko phanga limodzi ndi limene limavumbwitsa. Munthu akangokhulupirira kuti wadziwa wolakwa, maso ake amayamba kusankha: chogwirizana ndi maganizo ake amachilemba ndi zilembo zikuluzikulu, chotsutsa amachitcha chopanda ntchito. Izi sizifuna munthu woipa mtima, zimachitikira ndi akhama omwe, mwinanso iwowo kwambiri. Ndiye wapolisi amene waimirira pa msonkhano n'kunena kuti "bwana, bwanji ngati si iyeyu?" ndi chuma cha gulu lanu. Ndikupempha kuti pa mlandu uliwonse wa imfa ya mwana pakhale munthu amene ntchito yake ndi imeneyo basi, kufunafuna chimene chingagwetse maganizo a gulu, ndipo zimene wanena zilembedwe mu failo ndi tsiku lake, ngakhale bwana sakugwirizana nazo. Wotsutsa amene amamvedwa mkati sakhala ndi chifukwa chokanong'onezera mtolankhani. Amene watsekedwa pakamwa pa msonkhano ndi amene mawa mumamuwerenga pa tsamba loyamba ngati "wapolisi wina amene sanafune kutchulidwa."

Inu oimira boma, ntchito yanu ndi yosakondedwa, ndipo iyenera kukhala choncho. Apolisi akakubweretserani failo atagwira ntchito miyezi osagona, kuwauza kuti umboni sukukwanira kumamveka ngati kuwanyoza. Auzeni ndithu. Munthu akazengedwa ndi umboni wosakhwima n'kupambana, m'mayiko ambiri kumuzenganso pa mlandu womwewo n'kovuta kwambiri, ndiye ngati analidi wolakwa mwamupatsa chishango cha moyo wonse. Mlandu suola, ndipo Castree ndi umboni wake: zinthu zimene zinasungidwa bwino zinadzalankhula patapita zaka makumi atatu. Koma mukakana kuzenga, fotokozani zifukwa kwa banja la mwanayo maso ndi maso, asamve pa wailesi. Ndipo pepala lililonse limene likuthandiza woimbidwa mlandu liperekeni kwa loya wake, ngakhale likugwetsa mlandu wanu. Sally Clark wa ku England anapezeka wolakwa mu 1999 pa imfa ya makanda ake awiri, katswiri atauza khoti kuti mwayi woti ana awiri a banja ngati limenelo afe mwadzidzidzi ndi umodzi pa 73 miliyoni. Masamuwo anali olakwika, komanso zotsatira za kupima zoonetsa kuti mmodzi wa anawo anali ndi tizilombo toyambitsa matenda sizinaperekedwe. Anatuluka mu 2003, anamwalira mu 2007.

Za kufunsa mafunso ndinene mwachidule, popeza mukuzidziwa. Jambulani zonse kuyambira pamene munthu walowa m'chipinda mpaka pamene watuluka, osati mphindi khumi zomaliza zimene akuvomera. Loya akhalepo. Mboni ikakhala mwana, pakhale wamkulu wosakhudzidwa ndi mlanduwo, ndipo dzina lake lisatuluke. Munthu akavomera, ntchito yayamba kumene: pimani ngati zimene wanena akanazidziwa popanda inu kumuuza. Karr anavomera yekha popanda womukakamiza, Kiszko anavomera atatopa, onse awiri sanaphe.

Tsopano inu akonzi. Mwazolowera kubisala kuseri kwa mawu oti "akuganiziridwa." Mumaika chithunzi cha munthu chodzaza theka la tsamba, pambali pake chithunzi cha mwana akumwetulira atavala yunifolomu ya sukulu, mutu wa nkhani wa zilembo zakuda bii, kenako m'ndime yachitatu kamawu kaja, n'kumati malamulo tatsata. Owerengafe timaona zithunzi ziwirizo zili moyandikana ndipo chigamulo chathu chatha pomwepo. Mumatumizanso mtolankhani kwa anansi kukafunsa kuti "anali munthu wotani," ndipo palibe munthu padziko amene anansi ake sangamupezere chodabwitsa akauzidwa kuti wagwidwa pa nkhani ya mwana. Ine ndemwe, atafunsa za ine, pali amene angakumbukire kuti sindimapereka moni m'mawa.

Mfundo yoti munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa ili mu ndime 11 ya chikalata cha ufulu wa anthu cha United Nations cha 1948, ndipo siyonena za oweruza okha. Mu 1995 khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya linapeza dziko la France lolakwa chifukwa nduna ndi akuluakulu a apolisi anatchula munthu ngati wolakwa pa msonkhano wa atolankhani asanazengedwe. Mu 2022 khoti lalikulu la ku Britain linagamula kuti munthu amene akufufuzidwa koma sanaimbidwe mlandu ali ndi ufulu woyembekezera kuti nkhaniyo isaulutsidwe. Ndikudziwa kuti ena a inu simukondwa nazo zimenezi, ndipo chifukwa chanu n'chomveka: apolisi akamamanga anthu mwachinsinsi, munthu akhoza kusowera m'chitokosi, komanso pali milandu imene dzina litatuluka mboni zina zinalimba mtima n'kubwera. Zoona. Nenani kuti bambo wa zaka zakutizakuti ali m'manja mwa apolisi, funsani kuti asungidwa maola angati ndipo waonana ndi loya kapena ayi, londolani tsiku limene akaonekere kukhoti. Ngati woganiziridwa wathawa ndipo ana ena ali pachiswe, tulutsani nkhope yake paliponse, ine ndidzakhala woyamba kuitumiza. Koma chimenecho chikhale chiganizo chimene bwana wina wachipanga masana, wasaina dzina lake ndi kulemba chifukwa chake, kuti zikadzavuta tidzadziwe wofunsa. Dzina lotuluka usiku kudzera kwa mnzake wa mnzake lilibe mwini.

Banja la mwana wophedwa nalonso musamaligwiritse ntchito. Kholo limene laika mwana wake dzulo likhoza kukhulupirira dzina lililonse limene wapolisi angalinong'oneze, chifukwa mtima ukufuna pogwira. Bambo a Grégory sanabadwe wakupha. Anali munthu wa chisoni amene anamva dzina limodzi mobwerezabwereza mpaka linakhazikika, kenako anaona mwini dzinalo akutuluka m'ndende. Wapolisi akauza banja kuti "tikumudziwa, kungoti umboni ukuvuta," aziganiza kuti mawuwo akagona nawo ndani usiku umenewo ndipo m'nyumbamo muli chida chanji. Ndipo mukamatulutsa munthu amene dzina lake lafalikira kale, musangomutsegulira chitseko n'kumuuza kuti azipita. Funsani kumene akukagona, ndani akumudikirira panjira, ndipo ngati n'koyenera muperekezeni.

Chomaliza n'chimene chinandichititsa kutenga cholembera. Pogwira munthu mumaitana atolankhani, pamakhala tebulo, maikolofoni, mabwana atavala nyota zawo. Pomumasula pamakhala zii. Bambo wa malaya ofiira uja, amene ndinamuyendetsa m'mafoni a anthu, sindinaonepo chikalata chilichonse chonena kuti mlandu alibe. Ndinangomva kwa munthu, amenenso anamva kwa munthu. Mwezi watha ndinafufuza pa foni yanga ndipo chithunzicho ndinachipeza chikadalipo pa gulu la makolo lija, ndi mawu atatu aja pansi pake. Ndinalemba kuti bamboyu anamasulidwa ndipo ine ndinalakwa kutumiza. Anayankha anthu awiri. Mmodzi anati zikomo, winayo anati, "Anamasulidwa kapena anapereka kenakake?"

Ndinasowa chomuonetsa. Ndiye pempho langa ndi ili: munthu amene dzina lake linatuluka akapezeka kuti sakukhudzidwa, tulutsani chikalata chachifupi, cha chidindo chomwecho, cholankhulidwa ndi bwana yemweyo amene analengeza za kugwidwa kwake, chonena momveka kuti munthuyu tamufufuza ndipo sitikumuganiziranso. Ngati mwangomumasula koma mukufufuzabe, nenani zimenezo, osawonjezera. Akonzi muchiike pa tsamba lomwelo pamene munaika nkhope yake, ndi zilembo za msinkhu womwewo, ndipo pa intaneti muchilumikize ku nkhani yoyamba ija kuti wofufuza dzina lake apeze zonse ziwiri. Tipatseni chinthu choti ife otumizatumiza tithe kuchitumiza m'magulu omwe aja.

Ndine wanu,

Kholo la ana awiri